Chala cha Che Namakhwa

Che Namakhwa tinawaika m'bokosi la paini. Papita masabata atatu tsopano, koma nkhani ya bokosilo sinathe pano padooko. Munthu amene anasenza mkungudza pamutu kutsika nawo phiri la Mulanje, nakhoma nawo maboti amene adyetsa theka la mudzi uno, anapita m'matabwa oyera mbuu, opepuka, amene iwo ali moyo ankati ndi ndiwo za chiswe. Mwana wawo wamkazi anayesetsa. Anaimba mafoni ku Mangochi, ku Liwonde, mpaka ku Limbe, ndipo kulikonse anamuyankha chimodzimodzi, kuti mkungudza masiku ano wangotsala dzina.

Amalume anga, Che Twaibu, ndi Msilamu ngati ine, ndiye m'tchalitchi sanalowe. Anadikira panja, pamthunzi wa mango. Bokosi likutuluka anaimitsa onyamula, nagogoda thabwa la m'mbali ndi chala, kenaka anawerama n'kulinunkhiza. Alendo amene anabwera kumaliroko anaona ngati mwano. Ife amene tinkawadziwa awiriwa tinangozolika.

"Pepani, achimwene," anatero amalume. "Takugonekani m'kanthu kosanunkhira."

Ine ndine Abiti Jafali. Ndimayanika usipa, ndipo mathandala anga ali pafupi ndi shedi imene Che Namakhwa ankakhomeramo maboti, kumpoto pang'ono kwa Malindi. Takhala moyandikana zaka zoposa makumi awiri. Usipa ukakhala padzuwa, mwini wake ntchito imamuchepera, makutu ndiwo amachuluka. Zimene ndikunenazi ndinaziona ndi kuzimva nsomba zikuuma.

Che Namakhwa anali munthu wamfupi, wa khosi lopendekera kumanzere. Pakati pamutu panali dazi lolimba ngati chidendene, ndipo silinali dazi la ukalamba. Linali la nkhata ndi matabwa. Ankati anayamba kusenza ndevu zikungomera kumene. Thabwa lotalika kuposa anthu awiri ogona motsogozana ankatsika nalo phiri opanda nsapato, nkhungu itatseka njira, zala zakuphazi zikugwira mwala ngati za nyani. Mapazi amenewo ndinawaona. Anali otambalala, ndipo pamchenga wotentha wa mu Okutobala, umene ife timadumphadumpha, iwo ankangoyenda ngati akuponda mphasa.

Koma chimene mlendo aliyense ankayamba kuona ndi dzanja lamanja. Chala chachikulu chinali chouma, chopindikira mkati, ndipo chamkombaphala chinalibe mutu. Anthu ankafunsa ngati inali sowo. Iwo ankangoyankha kuti sowo ilibe mano otero.

Kuno anabwera ine ndisanabadwe, atakwera pamwamba pa lole ya matabwa. Anawatuma kuti adzaonetsetse kuti katundu wafika kwa mmisiri wina wa maboti. Mmisiriyo anaona mlendoyu akusanja matabwa, ena uku ena uko, namufunsa chifukwa chake. Mlendo anayankha kuti awa adzapindika bwino, awo adzang'ambika. Anayesa, ndipo zinaterodi. Lole inabwerera yopanda munthu wake. Anakwatira mayi Agnesi a m'mudzi muno, amene anatsogola kalekale, ndipo anthu anaphatika "Che" kutsogolo kwa dzina lawo la Chilomwe. Chiyao anachiphunzira chokwanira kukangana nacho.

Zaka zonsezo sanaphunzire kusambira. Maboti amene ankakhoma sankawakwera. Boti latsopano likamalowa m'madzi, ankaliperekeza dzanja lili kumbuyo kwake mpaka madzi afike m'mawondo, n'kulisiya, n'kubwerera kumtunda osacheuka. Alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti, ankawaseka. Iwo ankati mzamba sakakamira kukagona kunyumba kwa mwana amene wabadwitsa.

Mkungudza watsopano utasiya kubwera, anayamba kusaka wakale. Akamva kuti kwinakwake kuli boti lakufa lokwiririka mumchenga, ankayenda wapansi ngakhale tsiku lonse. Akafika ankapala thabwa ndi mpeni, n'kuika mphuno. Nthawi zambiri ankabwerako chimanjamanja. Koma tsiku limene apeza, dooko lonse linkadziwa popanda wolengeza. Akangopala ndi puleni pathabwa lotuwa, looneka ngati lotha ntchito, mkati munkatuluka mtundu wa uchi, ndipo fungo lake linkagonjetsa fungo la usipa wanga. Amene mukudziwa usipa wosauma bwino mumvetsa kukula kwa mawu amenewa. Amayi tinkabwera ndi timapepala kudzatapa utuchi wokaika m'masutukesi a zovala kuti mphemvu ndi njenjete zisalowe. Iwo sankaletsa. Chimene ankaletsa ndi kusonkhera moto kachidutswa kalikonse ka mtengowo. Mayi wina anatola timapisi kuti akawiritsire tiyi, ndipo Che Namakhwa anamutsatira mpaka pamafuwa, nazula timitengoto pamoto ndi manja.

Anali wovuta, zimenezo tisabise. Thabwa laliwisi sankaligwira ngakhale mwini boti alire bwanji kuti nyengo ya utaka ikumupita. Ankati wofulumira apite kwa wina, nyanja ikamufunsa akayankhe yekha.

Kummwera kwa dooko lathu kuli kamtsinje kolowa m'nyanja. Pamathiriro pake pali bango wambiri ndi miyala ikuluikulu. Kukangocha, ife tikudikira maboti, Che Namakhwa ankakhala ali kale pamwala umodzi, osasuta, osatsokomola, manja ali pamawondo. Ankaonera akatumbu.

Kwa amene simunamuonepo, katumbu ndi kanyama ka m'madzi. Thupi lake ndi lalitali, miyendo yaifupi, mchira wonenepa kutsinde, zala zolumikizana ngati za bakha, ubweya wofiirira wonyezimira. A kuno ali ndi mawanga oyera pakhosi. Che Namakhwa ankati palibe awiri ofanana mawanga, monga palibe matabwa awiri ofanana mizere, ndipo ankawadziwa mmodzimmodzi. Tsiku lina anandikodola ndi dzanja ndikudutsa ndi beseni. Ndinakhala pambali pawo. Madzi anali oyera mpaka pansi. Ndinaona katumbu akuthamangitsa nsomba pakati pa miyala, akupinda thupi ngati mulibe fupa, kumbuyo kwake kukutsala mzere wa thovu. Anatulukira ndi nsomba pakamwa, natiyang'ana, ndevu zikudontha madzi. Ndabadwira panyanja, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti ife anthu sitisambira, timangokana kumira.

Asodzi katumbu samufuna. Amalowa m'matchera, kudya nsomba zokodwa, kusiya mitu, ndi kung'amba ukonde. Mono amaswa. Msodzi amene wagona ndi chiyembekezo n'kukavuula mitu yokhayokha, musamuuze za kukongola kwa katumbu.

Apa ndi pamene panali mkangano wa Che Namakhwa ndi amalume, umene unatha zaka zambiri kuposa maukwati ena. Masana aliwonse, akachoka kumzikiti, amalume ankabwera ndi ukonde wosoka n'kukhala pakhomo pa shedi. Chodabwitsa chinali chakuti amalume, munthu wa m'madzi amene sanapondeko ku Mulanje, ndiwo ankaimira mkungudza. Che Namakhwa, mwana wa phiri, ankaimira katumbu.

Amalume ankayamba ndi boti lawo. Linali la mkungudza, lokhomedwa ndi Che Namakhwa omwewo, ndipo linali litaona maboti atatu a mitengo ina akubadwa ndi kuwola. Ankati mtengo umenewu chiswe chimaulambalala, madzi saulowa, ndipo ngakhale utafa umagwirabe ntchito, pamene katumbu akafa masiku awiri okha anthu agwira mphuno.

"Ndipo mundiuze, achimwene," ankatero, "ndi liti mkungudza unang'amba ukonde wa munthu? Katumbu wanuyo ndi mbava yovala bwino basi."

Che Namakhwa sankakana kuti mtengowo ndi waukulu. Ankaufotokoza mpaka ife kumathandala tinkasiya kutembenuza nsomba. Ankati umamera pamwamba pa phiri lokhalo, kumene mitambo imagona, ndipo dziko lonse lapansi kulibenso kwina kumene unadzimerera. Thunthu lake limakwera chowongoka, nthambi yoyamba ili kutali moti chipewa chimagwa ukamaiyang'ana. Khungwa lake ndi lokhuthala, lofewa, ndipo kunthambi kumalendewera ndere zotuwa ngati ndevu za shehe. Koma akafika poyerekeza, ankapotoza nkhani.

"Zonse ziwirizi zimakana madzi, Che Twaibu. Mkungudza uli ndi mafuta mkati. Katumbu ali ndi ubweya wapansi wothithikana, madzi safika pakhungu. Akatuluka, kudzikutumula, kugubuduka paudzu, wauma. Koma mtengo umakana madzi uli chigonere. Katumbu amawakana akusewera nawo. Wamkulu ndani pamenepo?"

"Wamkulu ndi amene amandinyamula ine!"

Tsiku lina ankakangana za ana. Che Namakhwa ankati mkungudza subala chipatso chodyedwa. Umabala timfundo tolimba timene timasweka tikauma, n'kutulutsa njere za timapiko. Mphepo imazitenga, ndipo mayi sadziwa kumene mwana wagwera. Kamtengo kakamera, moto wa alenje umakapsereza kasanafike m'chiuno, ndipo kamene kapulumuka kamafuna moyo woposa wa munthu kuti kakhale thabwa. Katumbu amabala awiri kapena atatu, osaona, m'una wa m'mphepete mwa madzi. Amawayamwitsa, amawasamutsa atawaluma pakhosi, ndipo ikafika nthawi amawakokera m'madzi akukana, kuwaphunzitsa kusambira. Mtengo umataya ana kumphepo, ankatero, katumbu amawanyamula pakamwa. Amalume ankayankha kuti ndi chifukwa chake ana a katumbu amakula ndi khalidwe la amayi awo.

Mkangano unkatha mofanana tsiku lililonse. Amalume ankapinda ukonde n'kunena kuti sadzabweranso kudzataya nthawi ndi munthu wosadziwa kusambira. Mawa lake ankabwera.

Za chala zinachitika zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, nyengo ya mwera. Nsomba zinali zitasowa, mathandala ali gwaa. Masiku atatu otsatizana matchera a amalume anabwera ndi mitu ndi mabowo. Mmawa wachinayi tinamva mfuu kunyanja boti lisanafike n'komwe. Alovi anakokera ukonde pamchenga, ndipo mkati mwake munali katumbu wamoyo. Nthawi zambiri akakodwa amamira, koma uyu anakodwa chakumtunda kwa ukonde, mphuno ili kunja. Anali atadzikulunga yekha polimbana, ulusi utalowa m'khosi ndi m'miyendo.

Anthu anakhamukira. Ena anatola nkhafi, ena miyala, agalu akuuwa. Bambo wina anali atayamba kale kunena kuti mchira ndi wake, ali ndi sing'anga amene amaufuna. Inenso ndinali pomwepo, ndipo sindinama, ndinkafuna afe. Nsomba zimene anadyazo zikanagona pathandala langa.

Che Namakhwa anabwera kuchokera kushedi, osathamanga, mpeni wodulira zingwe uli m'manja. Nthawi imeneyo anali atapitirira zaka makumi asanu ndi awiri. Anthu anapatuka poganiza kuti akudzamaliza ntchito. Anaima nayang'ana kanyamako, pakhosi, kenaka pamimba.

"Che Twaibu, ukondewu ndi wanu?"

"Wanga."

"Ndiudula."

"Mukaudula, achimwene, ine ndi inu zathera pompano."

"Taonani mawerewo. Ali ndi ana m'bangomo."

"Nanenso ndili ndi ana!" anakuwa amalume. "Anga adye mitu?"

Che Namakhwa anavula jekete naliponya pamutu pa katumbu, nagwada, nayamba kudula. Anadula maso atatu kapena anayi a ukonde. Kenaka mutu unatulukira pansi pa jekete, ndipo tisanaphethire, dzanja lawo lamanja linali m'kamwa mwa katumbu. Tinamva fupa likulira ngati chinangwa chouma chikuthyoka.

Amayi tinakuwa. Iwo sanakuwe. Sanakoke dzanja, sanamumenye. Anatola mpeni ndi dzanja lamanzere napitiriza kudula, diso ndi diso, dzanja linalo lili m'kamwa momwemo. Magazi anatsika m'chigongono n'kumadontha pamchenga. Nkhope yawo inatuwa, thukuta lili kamukamu m'mphepo yozizira ija, koma ankalankhula naye kanyamako motsitsa mawu, m'Chilomwe, chinenero chimene sitinawamvepo akulankhula chibwerere chawo. Ngakhale agalu anasiya kuuwa.

Mlovi wina anatukula nkhafi kuti aphwanye mutu wa katumbu. Amalume anaigwira ili m'mwamba.

"Siya! Ungamenye dzanja."

Ulusi womaliza utaduka, katumbu anatsegula kukamwa. Sanathawe nthawi yomweyo. Anaima pamchenga, akupuma mwamphamvu, mawanga a pakhosi atafiira ndi magazi a munthu. Kenaka anatsetsereka pakati pa miyendo ya anthu, nalowa m'madzi osawaphulitsa n'komwe. Tinangoona mzere wa thovu ukulunjika kubango.

Che Namakhwa anatukula dzanja naliyang'ana monga ankayang'anira thabwa.

"Mano abwino," anatero. "Abiti, ndibwerekeni chitenje."

Ndinang'amba chitenje changa n'kumanga. Amene anawakweza panjinga ndi kuwapalasa mpaka kuchipatala anali amalume, akutukwana njira yonse.

Mutu wa chala chamkombaphala unatsala pamchenga. Chala chachikulu madokotala anachisoka, koma mtsempha unali utaduka. Dzanja linatupa mpaka m'phewa, anabayidwa majekeseni ambirimbiri, ndipo panali sabata imene tinkaganiza kuti tiwataya. Anachira, koma puleni ndi tchizulo sanazigwirenso bwino. Boti limene linali pamipando yokhomerapo analimaliza mmisiri wina, iwo akumuuza ndi pakamwa.

Amalume anatha mwezi wathunthu osakawaona. Ndinkaganiza kuti ndi za ukonde. Nditawafunsa anandikalipira.

"Ukonde? Ukonde ndimasoka! Dzanja lija silinali lawo okha, linali la mudzi wonse. Alipereka kwa mbava ngati ndi lawo."

Pamapeto pake anapita, ine ndikutsatira ndi msuzi wa kampango. Tinawapeza pakhonde, dzanja lili m'nsalu yokoleka m'khosi. Amalume sanapereke moni wautali.

"Ndiuzeni chifukwa chake. Ndikapanda kumva sindichoka."

Che Namakhwa anatiuza zimene sanauzepo munthu, ngakhale mayi Agnesi.

Anati kuphiri kuja lamulo linali lakuti ocheka adule mitengo yakufa yokha. Ndiye panali anthu amene ntchito yawo inali kuthandiza mitengo kufa, ndipo iwo anali mmodzi mwa anthuwo. M'chigwa china, kumene dzuwa linkafika masana okha, munali mkungudza umene amuna anayi atagwirana manja sakanauzungulira. Anapitako ndi nkhwangwa nasenda khungwa mozungulira thunthu lonse. Chaka chotsatira anaupeza utauma, ndipo unalembedwa kuti ndi wakufa. Anaucheka masiku atatu. Utagwa, nthaka inagwedezeka, mbalame zinaleka kulira, ndipo fungo linadzaza chigwa mpaka maso kuyabwa. Anzawo akupumula, iwo anakhala pachitsa ndi msomali kuwerenga mizere ya zaka zake. Nkhungu inawapeza asanafike pakati.

"Tsiku limene ndinkausenda lija, Che Twaibu, ndinkadikira kuti uchite kanthu. Nthambi indigwere, njoka ituluke, kaya chiyani. Sunachite kanthu. Unangoima, ukundipatsa mthunzi, ine ndikuupha. Ndipo si umodzi. Ndinasenda yambiri."

Amalume anayang'ana pansi.

"Inu mumati mkungudza ndi wabwino chifukwa sunalakwire munthu. N'zoona. Ndi chifukwa chake watha. Ukanakhala ndi mano, bwenzi uli chiimire. Tsiku lija pamchenga, chinthu chimene tinkafuna kupha chinandiluma, ndipo mtima wanga unakhala pansi koyamba chitsikire phiri lija."

Nkhuku inadutsa pakhonde. Kenaka amalume anafunsa ndi mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Nanga matabwa a boti langa?"

"Sindikudziwa. Mwina ndi a umenewo, mwina a m'bale wake. Yonse inafa imfa imodzi."

Amalume anavula kofia, naiyang'ana mkati, naivalanso. Anatsegula mbale ya msuzi naikankhira kwa mnzawo.

"Komabe katumbu ndi mbava," anatero.

"Mbava ndithu," anavomera Che Namakhwa, ndipo anaseka mpaka dzanja kuwapweteka.

Musaganize kuti dooko lathu linasintha mtima. Amalume anasiya kutchera pafupi ndi kamtsinje kaja, koma ankati ndi chifukwa nsomba zasamuka. Asodzi ena anapitiriza monga kale. Patapita zaka ziwiri tinamva kuti padenga pa munthu wina kumudzi woyandikana nawo payanikidwa chikopa cha katumbu. Che Namakhwa anayenda wapansi kukachiona. Anapempha mwini wake kuti achitsitse, nayang'ana pakhosi pake, nathokoza, nabwerera. Ndinawafunsa ngati anali yemwe uja. Anandifunsa ngati usipa wanga wauma.

Zaka zomalizazi ankangokhala pakampando m'shedi, amisiri ena akugwira ntchito. Maso anayamba kuchita khungu, koma makutu anatsala. Munthu akamakhoma msomali, iwo ali kuseri, ankamva kulira kwa hamala n'kunena kuti zula, thabwalo lang'ambika mkati. Akazula ankapeza mng'alu. Amisiri achikulire ndithu, a zidzukulu zawo, ankatsitsa mawu akamalowa m'shedimo. Kumwala kuja ankapitabe, atagwira ndodo. Ankati kuona sakuonanso bwino, koma mluzu wa katumbu woitana ana amaumva.

Anadwala masiku asanu okha, chifuwa. Anatisiya masana, dzuwa lili paliwombo, maboti ali pamtunda.

Shedi ikadalipo. Amisiri aja anasamukira kudooko lina kumene kuli magetsi, ndiye muno mwatsala mipando iwiri yoikapo boti, chitini cha phula louma, ndi misomali yadzimbiri imene ankaiwongola n'kuisanja pamtanda wa denga, yaitali payokha, yaifupi payokha. Lata limodzi lazuka ndipo mwera ukaomba limagogoda. Mbuzi zayamba kugonamo masana. Pansi, pamene panali utuchi wofika m'kakolo, mchenga ukulowa pang'onopang'ono kuchokera kukhomo.

Amalume amabwerabe akachoka kumzikiti. Amakhala pakhomo ndi ukonde pamiyendo, koma singano siyenda. Dzulo anandiitana.

"Abiti, kodi achimwene aja anati masamba ake ndi otani?"

"Masamba a chiyani, amalume?"

"A mkungudza. Ndi aakulu ngati a mango, kapena ang'onoang'ono ngati a bwemba?"

Thunthu anatiuza, khungwa anatiuza, njere, ndere, fungo, kulemera kwake pamutu. Za masamba palibe anafunsapo. Ndinati tipemphe ana atione pafoni, chithunzi chipezeka.

Amalume anapukusa mutu.

"Si foni imene ndimafuna kufunsa."

Anakhalabe pamenepo mpaka mthunzi wa shedi unafika pamathandala anga. Mbuzi imodzi inadzuka, inadutsa pakati pa mipando iwiri ija, n'kukagona pamene pankakhala msana wa boti. Panalibe woithamangitsa.